Ngalawa ya Mapesi ku Beaumont Leys

1. Bongololo wa patebulo

Aliyense amene anali ku Leicester m'chaka cha 2018 amalikumbukira dzuwa lija. Linawomba mpaka udzu wa m'mapaki kufiira, ndipo azungu, amene amalirira dzuwa chaka chonse, anayamba kulidandaula. Ife Amalawi tinkangoseka. Chimanga chimene amayi Jestina anabzala pa kadimba kawo ka lendi kuseri kwa Beaumont Leys chinakula mpaka kubisa munthu, ndipo odutsa ankaima n'kumachijambula pa foni.

Amayi Jestina anali namwino pachipatala china mumzindamo. M'nyumba mwawo munkakhala anthu atatu: iwowo, mwana wawo Atuweni wa zaka khumi ndi zinayi, ndi achimwene awo a Gracian, amene kwa Atuweni anali amalume.

Amalume amenewa, abale inu, mukanawaona kale! Anakulira ku Chiromo, akuwolotsa anthu, njinga ndi mbuzi pa Shire ndi bwato. Atabwera ku England anagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo kumeneko nkhalamba zinkakana kudya mpaka Gracian afike ndi nthabwala zake. Kenako sitiroko inawagwira. Dzanja lamanja linafooka, ntchito n'kutha. Kuyambira pamenepo ankangokhala pampando wa pawindo, duu, kuyang'ana mabasi. Ukawapatsa moni ankangoti, "Tilipo." Kampira kofinya kamene anawapatsa kuchipatala kuti azilimbitsira zala anakaponya kuseri kwa sofa.

Tsiku lina, masukulu atatsegulira, Atuweni anafika kunyumba atakwinya nkhope. Mayi Khursheed, mphunzitsi wa mbiri yakale, anali atagawira mwana aliyense chinthu chamakedzana choti apange ndi manja ake. Ena anapatsidwa nyumba za mafumu, ena magaleta. Atuweni anapatsidwa ngalawa ya nkhondo ya Afoinike. Zopangazo zinali zoti zidzaonetsedwe m'holo ya sukulu, makolo ali pomwepo.

Anaponya chithunzi cha ngalawayo patebulo n'kupita kukasaka katoni. Pobwerera anapeza amalume achoka pawindo, aweramira chithunzicho.

"Atu, ichi n'chiyani? Bongololo?"

Atuweni anabadwira ku Leicester konko. Chichewa ankamva chonse, koma poyankha ankathawira ku Chingerezi, monga achitira ana athu ambiri kunoko. Choncho anafotokoza m'Chingerezi kuti imeneyo si miyendo koma nkhafi, ndipo eni ake anali anthu a ku Turo ndi Sidoni, akatswiri a panyanja zaka zikwi zapitazo.

"Turo ndi Sidoni timamva kutchalitchi uja?" anafunsa amalume. "Kani anali anthu a pamadzi anzathu!"

Anayendetsa chala pachithunzipo. Ngalawayo inali yaitali, yopyapyala. Nkhafi zinali mizere iwiri, wina pamwamba pa unzake, zikutulukira m'mabowo. Kutsogolo kunali mphuno yosongoka yokutidwa ndi mkuwa, yobowolera ngalawa za adani. Pamwamba, m'mbali monse, anapachikamo zishango.

"Nanga anthu ali kuti? Nkhafi zimapalasa zokha?"

"Ali m'kati, amalume. Saoneka."

"M'ngalawa yathu aoneka. Ndipo katoniyo ukataye, usandichititse manyazi. Mawa upite kudimba ukatenge mapesi."

Atuweni anangoti kukamwa yasa. Panali patapita miyezi yambiri amalume asanalamule munthu chilichonse.

2. Absalom ndi anzake

Tebulo lodyera linasanduka malo ogwirira ntchito. Mapesi anang'ambidwa, kupindidwa, n'kumangidwa ndi waya. Thanga linachokera ku nsalu ya pilo yakale. Mphuno yosongoka ija anaikuta ndi chitini cha nsomba, ndipo Atuweni anajambula diso lalikulu mbali iliyonse ya kutsogolo, monga zinalili pachithunzi. Amayi Jestina ankadyera pamiyendo osadandaula ngakhale pang'ono.

Koma ntchito yeniyeni inali ya anthu opalasa. A Rafik, amene dimba lawo linali loyandikana ndi la amayi Jestina, anatumiza nthambi za mtengo wa maapozi. Amalume anagwira mpeni ndi dzanja lodwala lija. Tsiku loyamba mpeni unkangogwa. Ankautola, kuutukwana pang'ono, n'kuyambiranso. Kamunthu koyamba kanatuluka ngati mbatata, ndipo anakaseka okha mpaka kutsokomola.

Pofika masabata angapo tianthu tinayamba kukhala ndi mapewa, makosi, ngakhale ndevu. Ndipo kalikonse kanali ndi dzina.

"Uyu wa mapewa otambalalayu ndi Absalom," anatero amalume tsiku lina, akupemerera tizibenthu. "Tinkawolotsa limodzi. Madzi akasefukira, Shire amabwera ndi mitengo yathunthu, mizu m'mwamba. Absalom ankakhala kutsogolo, ine kumbuyo, iye akuimba nyimbo zoseka apongozi ake, amayi a madengu a nsomba n'kumaseka mpaka kuiwala mantha. Tikafika tsidya tinkaotcha chimanga, mapazi tili nawo m'madzi, utsi wa milamba yowamba ukutilowa m'malaya. Fungo limenelo, Atu, kuno kulibe. Ndalisaka m'mashopu onse a Amwenye ku Belgrave, kulibe."

"Ali kuti pano, amalume?"

"Absalom? Anamwalira ine ndili kuno. Ndinamva pa foni, ndili pa buleki kuntchito. Ndinatsiriza tiyi wanga n'kubwerera kukasambitsa nkhalamba." Anatola kamunthu kena. "Uyu wowondayu ndi Bennet. Ameneyu alipo. Akuti mano anatha, koma bwato sanasiye."

Atakwana makumi awiri, amalume anawamata ndi guluu pamipando yawo, onse maso kutsogolo, kumene kuli mphuno ya ngalawa.

"Wopalasa amayang'ana kumene akupita," anatero. "Aone chitsa, aone mvuu. Nanji kunkhondo!"

M'mawa mwake amayi Jestina, atangofika kuchokera ku shifiti, anamukokera Atuweni kukhitchini n'kutseka chitseko.

"Khala apa undimvere," anatero. "Ine anthu a sitiroko ndimawaona tsiku ndi tsiku ku wodi. Dzanja limatha kubwerera, mwendo umatha kubwerera, koma munthu akataya mtima, dokotala ngakhale akhale wanzeru bwanji sangamudzutse. Amalume ako anali atataya mtima. Ndikamabwera m'basi mtima unkandigunda, kuopa chimene ndikapeze kunyumba. Dzulo ndawamva akuimba kubafa. Kuimba, Atuweni! Ngalawa imeneyi kwa iwe ndi homuweki, koma kwa iwo ndi mankhwala, oposa onse amene ndimawawerengera m'mawa uliwonse. Ndiye pakamwa pakopo, pamene pamafulumira ngati pa ana a kuno, upasamale. Akalakwitsa kanthu, iwe usaone. Akanena chinthu, uziti inde amalume. Sindikufuna za 'koma aticha anati', kaya 'pa intaneti alemba kuti'. Ukadzawabwezera pampando uja, ine ndi iwe tidzayambana zenizeni. Wamva?"

Atuweni anagwedeza mutu. Panthawiyo lamulolo linkaoneka losavuta.

3. Ngalawa yothawa nkhondo

Lachiwiri la sabata ya chionetsero, Atuweni anaonetsa Mayi Khursheed zithunzi za ngalawa pa foni. Mphunzitsiyo anakuza chithunzi ndi zala, maso n'kuwala.

"Atuweni, chinthu chokongola chotere sindinachionepo m'kalasi muno. Mapesi a chimanga! Wakuthandiza ndani?"

"Amalume anga. Anthuwo asema okha."

"Ali ndi luso. Koma taona apa." Mayi Khursheed analoza ndi cholembera. "Opalasa ako akhala chotembenuka."

Atuweni sanamvetse, ndipo mphunzitsi anafotokoza pang'onopang'ono. Nkhafi za ngalawa zotere zinali zazitali ndi zolemera, zomangiriridwa m'mbali mwa ngalawa. Munthu sankakumba madzi ndi mikono monga achitira m'bwato. Ankakhala atafulatira kumene akupita, kuponda mwamphamvu, n'kukoka ndi msana wonse. Njira inkaonedwa ndi wowongolera, amene ankaima kumbuyo, ndipo pankakhala wina wowapatsa kayendedwe, mwina ndi chitoliro, kuti nkhafi zisagundane.

"Atakoka mmene wawakhazikiramu," anatero Mayi Khursheed akuseka, "ngalawa yako ithawa nkhondo chobwerera m'mbuyo. Uwatembenuze Lachisanu lisanafike. M'holo mudzabwera ana ang'onoang'ono, ndipo chimene adzaone ndicho adzakhulupirire."

Poweruka, Atuweni anayenda ndi mnzake Michelle, n'kumuuza zonse: za dzanja la amalume, za lamulo la amayi, ndi za Lachisanu.

"Chovuta n'chiyani pamenepa?" anatero Michelle akutafuna chingamu. "Tenga mpeni, uwazule, uwatembenuze, umatenso. Munthu wamkulu ngati uja angazindikire tizidole? Akazindikira udzati anachita ndi aticha."

Michelle sanali mwana woipa ayi. Kungoti nzeru zake zinali zija zofika msanga koma zosaona za mawa. Ndipo Atuweni, poopa amayi mbali ino ndi aphunzitsi mbali inayo, anazilandira.

4. M'shedi

Atafika kunyumba anauza amalume kuti akupita ndi ngalawa kudimba, akaipake penti m'shedi, chifukwa fungo lake limawapweteketsa mutu amayi. Bodzalo linatuluka bwinobwino, m'Chingerezi chosalala. Amalume anaifunditsa ngalawa chitenje n'kumutsegulira chitseko.

"Uyende nawo bwino anyamata angawo," anatero.

Kudimba kunali kutayamba kuzizira. Masamba a maungu anali atafota, ndipo mapesi otsala ankangolira ndi mphepo. Atuweni analowa m'shedi, kuika ngalawa pa thabwa, n'kulowetsa nsonga ya mpeni pansi pa kamunthu ka kutsogolo. Guluu anali atagwira gwa. Anakankha pang'ono. Osasuntha. Anakankha mwamphamvu.

Thyo!

Kamunthu kanazuka, koma mkono wake unatsala pa nkhafi. Anali Absalom.

"Odi m'shedimo! Kodi kwagwanji, mwana wa Jestina?"

Anali a Rafik, atanyamula khasu ndi ndowa. Bambo amenewa anabadwira ku Limbe, kumene makolo awo anali ndi sitolo ya nsalu, ndipo anabwera ku Leicester ali mnyamata. Ankakhala ku Spinney Hill, koma tsiku silinkadutsa osakwera basi kudzaona mpiru wawo. Chichewa chawo chinali chija chakale, chokoma, cha mawu amene anyamata a ku Blantyre anaiwala.

Atuweni anayesa kubisa mpeni, koma misozi inamuulula. Ananena zonse. A Rafik anavundikira ndowa pansi, kukhalapo, n'kutenga Absalom m'manja.

"Amayi ako ndi munthu wabwino," anayamba motero, "ndipo sakunama kuti Gracian ndi wofooka dzanja. Koma mutu wake uli bwinobwino. Tamvera, mwana wanga. Ine ndi amalume ako tinkakangana za mpira pompano, iwo a Maule, ine wa Manoma, mpaka azungu a madimba enawa ankayesa tikumenyana. Atadwala ndinapita kukawazonda. Anati Maule ndi timu yoposa onse. Ine, chifukwa cha chisoni, ndinati inde. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, 'Rafik, nawenso wayamba kundivomereza? Ndiye kuti ndathadi.' Munthu wamkulu amadziwa, mwana wanga. Akaona aliyense akungoti inde, inde, amadziwa kuti anthu amuchotsa pagulu la akuluakulu, amuika pagulu la makanda.

"Tsono iwe ukatembenuza tianthuti mobisa, ukuganiza kuti Lachisanu akalowa m'holo sadzaona? Anatisema okha, amatidziwa kamodzikamodzi ndi ndevu zomwe. Adzadziwa zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuti analakwitsa, ndiponso kuti mwana wa mlongo wawo anawaona ngati munthu wosayenera kuuzidwa. Choyambacho mwamuna amapirira. Chachiwiricho, pamaso pa anthu, kaya.

"Ine sindikunamiza kuti kunena zoona n'kotsika mtengo. Ukawauza, mwina akwiya. Mwina abwerera pampando uja, ndipo amayi ako sadzakumvetsa. Sindingalumbire kuti zimenezo sizichitika. Chochita usankhe wekha, wakula. Koma usawabere ngalawa yawo m'shedi ngati mbava."

Anamubwezera kamunthu kaja, kutola ndowa, n'kupita kukathirira mpiru wawo. Atuweni anayang'ana mpeni uja. Kenako anaupinda, kukulunga Absalom ndi mkono wake m'kampango, n'kufunditsanso ngalawa chitenje.

5. Mopu ndi mpando

Amayi anali asanaweruke. Amalume anali patebulo, akupala tinkhafi totsala. Atuweni anaika ngalawa pansi, kufunyulula kampango pamaso pawo, n'kulankhula m'Chichewa chake chopunduka, chimene ankachita nacho manyazi ngakhale kutchalitchi.

"Amalume, ndanama. Sindinapite kukapenta. Ndawathyola a Absalom."

Amalume anayang'ana mkono uja, n'kuyang'ana mwanayo. "Chifukwa?"

"Ndimafuna kuwatembenuza inu osadziwa. Akhala molakwika. Onse. Amayenera kuyang'ana kumbuyo."

"Wati chiyani?" Mawu anakwera mpaka galu wa nyumba yoyandikana anayamba kuuwa. "Ine ndapalasa pa Shire iwe usanabadwe, amayi ako asanadziwe n'kulemba komwe dzina lawo! Oyang'ana kumbuyo ndimawaona pa TV, ana a azungu ovala timakabudula, akusewera pamtsinje wopanda ng'ona. Amenewo ndi masewera! Munthu wopita kunkhondo apereke msana kwa mdani? Aphunzitsi akowo anakwerapo bwato chibadwire?"

Apa mwana wina akanangoti "inde amalume" nkhani n'kutha. Koma Atuweni anapita kukhitchini n'kubwera ndi mopu. Anagoneka mtengo wake pa chotsamira cha mpando, kuumanga pakati ndi kansalu kopukutira mbale, n'kuika kampando kena pambali.

"Nkhafi ya m'bwato ndi yaifupi, ili m'manja mwanu," anatero, mawu akusowa n'kuwapezanso. "Iyi ndi yaitali. Yamangidwa apa. Takhalani, amalume. Takokani muone."

Amalume anakhala mwaukali, kuti amuonetse mwanayo kupusa kwake. Anagwira mtengo ndi manja onse awiri n'kukokera pachifuwa. Mutu wa mopu, tsidya la mpando, unasesa pansi kulowera kumene iwo ankayang'ana. Munthu wa pamadzi sanafunike kufotokozeredwa. Madzi akakankhidwira kumaso kwako, chombo chimapita kumsana kwako.

Anakokanso. Anakokanso kachitatu, pang'onopang'ono. Kenako anasiya mopu, kuimirira, n'kulowa kuchipinda kwawo. Chitseko anatseka mwakachetechete, ndipo Atuweni akanakonda akanachimenyetsa.

Chakudya chamadzulo amalume sanatulukire. Amayi Jestina atafika n'kufunsa, Atuweni sanabise kanthu. Amayi anamuyang'ana ndi maso otopa.

"Ndinakuuza chiyani ine?" Anangonena zokhazo, n'kukwera m'mwamba.

Lachitatu m'mawa amalume anali pampando wa pawindo. Atuweni anagwada pambali pawo, chikwama chili kumsana.

"Mwadzuka bwanji, amalume?"

"Tilipo."

Poweruka anawapeza pomwepo, ngalawa ili chifunditsire. M'nyumba munali zii, ndipo amayi sanamulankhule tsiku lonselo. Kunena zoona, Atuweni analira kwambiri, ndipo mumtima mwake anakwiyira a Rafik.

6. Kumene munthu akuyang'ana

Lachinayi Atuweni anachoka kusukulu akukoka miyendo. Anali atakonza zokauza Mayi Khursheed m'mawa mwake kuti ngalawa yawonongeka, sibwera. Koma atangotsegula chitseko, fungo la guluu linamulandira.

Amalume anali patebulo, zala ziwiri zili ndi pulasitala. Chitenje chinali pansi. Opalasa onse anali atatembenuka, misana ku mphuno ya ngalawa, manja pa nkhafi. Kumbuyo kwenikweni kunaima Absalom, mkono wake umodzi utamangidwa ndi ulusi ku nkhafi yowongolera.

"Wa mkono umodzi sangapalase," anatero amalume osadzutsa mutu, "koma maso ali nawo. Aziwongolera."

Atuweni anaponya chikwama pansi. "Amalume! Mwandikhululukira?"

"Za kunama zija ayi, tidzakambirana bwino. Za kunditsutsa, khala pansi."

Anakhala. Amalume anapukuta guluu m'zala, n'kuloza tianthu tija.

"Dzulo pawindo paja sindinali kukukwiyira iwe. Ndinali kuganiza za anyamatawa. Taganiza, Atu. Akuchoka ku Turo m'mawa. Akazi awo ndi ana aima pagombe. Iwo akukoka, ndipo mudzi ukunka nuchepa pamaso pawo, akuuona mpaka uzimiririke. Kumene akupita sakukuona, akungomvera chitoliro cha munthu wina. Ndinati, Gracian, ameneyu si iwe? Chibwerere kuno ndakhala ndikukoka, kukoka, maso ali ku Chiromo.

"Nditadwala ndinafuna kubwerera, koma manyazi anandigwira. Ndinkati anthu adzati, uyo anapita ku England, wabwerako ndi dzanja lakufa. Tsopano taliona dzanjali. Lasema anthu onsewa, lawazula, lawamatanso, osathyola ndi mmodzi yemwe, kusiyana ndi anthu ena a manja abwinobwino."

Atuweni anaseka, misozi ili m'maso. Koma amalume sanaseke.

"Dzanja limeneli lingagwire kakhasu. Lingagwire chingwe cha bwato la Bennet. Afoinike anali ndi nzeru zawo, ndavomera, aphunzitsi akowo ukawauze kuti ndavomera. Koma ine ndine munthu wa bwato. Ndimayang'ana kumene ndikupita. Ndikupita kwathu, Atu, Khirisimasi isanafike. Bennet ndikamupeze ali moyo. Za kumva pa foni zija sindikuzifunanso."

"Kukacheza?"

"Kukakhala."

Atuweni anaimirira, mpando n'kugwa. Chichewa chinatuluka chokha, osachisaka.

"Ndiye ndikanangokhala chete! Ndikanamvera amayi! Mukanakhala konkuno!"

"Ndikanakhala, inde," anatero amalume mofatsa. "Pampando paja. Ukanakonda zimenezo?"

Atuweni anayang'ana mpando wa pawindo, umene unali ndi dzenje pakati chifukwa chokhalidwa. Anafuna kunena kuti inde. Pakamwa panakana. Anapukusa mutu, n'kugwira dzanja la mapulasitala lija ndi manja ake onse awiri, akulira osabisa.

"Basi, basi, undithyola ngati Absalom," anatero amalume. "Mawa kuholo ndibwera nditavala jekete, ndidzawafotokozere azungu za mopu. Koma tamvera. Amayi ako sakudziwa. Anandisunga zaka zonsezi, anandisambitsa pamene sindinkatha kusamba, ndipo ziwapweteka kuposa iwe. Ndiwauza ndekha lero lomwe. Iwe usathawire kuchipinda. Wayambitsa zonena zoona m'nyumba muno ndiwe, ndiye ukhale pompano."

Asanamalize bwino, chitseko chinatseguka. Amayi Jestina analowa ndi majumbo a zogula, yunifolomu ili m'kati mwa chikhoti. Anaona achimwene awo ali patebulo, anaona ngalawa, anamva fungo la guluu, ndipo majumbo anagwa pansi, malalanje n'kugubuduzika.

"Achimwene! Mwadzuka? Ambuye alemekezeke!" Anatembenukira kwa mwana wawo, nkhope yonse ikuseka. "Atu mwana wanga, bwera kuno ndikukumbatire. Ndinakulakwira ine. Taona, amalume ako abwerera!"

Atuweni sanapite. Anadzutsa mpando umene unagwa uja, kuupukuta ndi dzanja, n'kuukokera pafupi ndi amayi ake.

"Amayi," anatero m'Chichewa, "yambani mwakhala pansi. Amalume ali ndi mawu."